Anabwera Kudzatenga Galu Wake

Mukachoka pa boma la Dedza n'kutsata kamsewu kafumbi kodutsa m'minda ya kachewere, malowo mumawamva musanawaone. Kuuwa kwa agalu kumakuchingamirani muli patali. Anthu a kumeneko sanavutike n'kufuna dzina lalitali, amangoti "ku Agalu". Ndi kumene amasungirako agalu ndi amphaka osowa kwawo: otayidwa m'ngalande ali ana, osiyidwa ndi anthu osamuka, ogundidwa ndi galimoto n'kutsala akukwawa. Zimene ndikuuzenizi zinachitika kumeneko chaka china chozizira koopsa. Wofuna kutsutsa asunge mawu ake, adzatsutse kunja kukacha.

Woyang'anira malowo anali Mayi Venansiya Mkwapatira, mzimayi wamfupi koma wamawu ngati a anthu atatu. Pamsika ankamutcha Make Agalu. Ankatero pomuseka, iye n'kumavomera ngati amuveka ufumu. Wina akamufunsa kuti, "Kodi anthu ovutika atha, kuti inu muziphikira agalu phala?" iye ankayankha kuti, "Anthu ovutikawo ali ndi inu. Agaluwa ali ndi ine."

Galu akafika ankamusambitsa, kumuchotsa nkhupakupa ndi kumupaka mankhwala a mphere. Adokotala a ziweto ankabwera kudzamubaya katemera wa chiwewe ndi kumufula kuti asabalalitse ana m'tauni. Akachira n'kuyamba kunenepa, ankadikira munthu woti amutenge kukakhala naye. Koma musaganize kuti kutenga galu kwa Venansiya kunali ngati kugula tomato pamsewu. Anali ndi malamulo awiri, ndipo pa awiriwo sankasuntha. Loyamba, galu sachoka iye asanapite yekha kukaona pakhomo pa womufunayo, ngati pali mpanda, mthunzi, madzi ndi pogona. Akangoona tcheni chachifupi pamtengo, nkhani inkathera pomwepo. Lachiwiri, galu sakokedwa. Tsiku lomutenga geti limatsegulidwa, womufunayo amaima panja n'kuitana, galu atuluke ndi miyendo yake. Bwana wina wa galimoto yonyezimira anaitana mpaka mawu kusasa, galu ali phee m'khola, ndipo anabwerera chimanjamanja akutukwana. Venansiya anamutsanzika mwaulemu, n'kumuuza kuti ayende pang'onopang'ono, msewu uli ndi maenje.

Galu wa nkhani yathuyi anabwera naye ndi bambo wina wa kabaza, atamukulunga m'thumba. Anati anamutola m'mbali mwa msewu cha kwa Chimkoka. Anali galu wofiirira, wa msinkhu wake ndithu, koma atatsala mafupa okhaokha, mwendo wakumbuyo uli ndi chilonda cha mwala. A Jekapu, bambo wachikulire amene ankalondera pageti ndi kuphika phala la agalu, atamuona anapukusa mutu. "Mayi, uyu si galu. Ndi mkute wa galu." Dzina linamera pomwepo, anakhala Mkute.

M'khosi mwake munali chingwe cha nayiloni cha buluu, chomangidwa mfundo yolimba, nsonga yake ikulendewera. Mkute ankalola chilichonse, kumusambitsa, kumubaya, kumutsuka pachilonda, koma ukangofikitsa dzanja pa chingwecho ankatulutsa mano onse. Adokotala anayesa n'kubweza dzanja msanga. "Chisiyeni, sichikumufinya," anatero. Chinasiyidwa.

Anamuika m'khola lakumapeto, loyang'ana kumsewu. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kudya, nthiti n'kuyamba kubisika. Anapezanso womufuna. Anali Mayi Anastanziya Chapola, mphunzitsi wopuma pantchito, amene ana awo onse anali kutali iwo n'kutsala okha m'nyumba. Loweruka lililonse ankabwera ndi mafupa a kubutchala, n'kukhala pa chidebe pafupi ndi khola, kumamuuza Mkute nkhani za kukwaya. Venansiya anapita kukaona pakhomo pawo, napeza mpanda wa njerwa, mtengo wa mapichesi ndi khonde losalowa mphepo. Panakhoza. Chinatsala n'chakuti chilonda chipole basi.

Kenaka mwezi wa Juni unalowa ndi chifunga chake.

Choyamba kusintha chinali phokoso. Agalu a malo ngati amenewo chisisira chikamagwa ndiye amauwa zenizeni, poti ndi nthawi ya phala. Tsiku lina Venansiya akugawa phala m'mbale, anangomva zii. Agalu onse analeka kuuwa nthawi imodzi, ngati wina wazimitsa wailesi. Ena analowa m'tinyumba tawo michira ili m'miyendo. Amphaka, amene saopa kanthu koma madzi, anaunjikana pakona maso onse ali kugeti. Mkute yekha ndiye anaimirira, mphuno ataipanikiza pa waya, mchira ukugwedezeka pang'onopang'ono. Venansiya anayang'ana kugeti. Kunalibe munthu, chifunga chokhachokha. Patapita kanthawi kuuwa kunayambiranso, koma Mkute phala lake sanalikhudze.

M'mawa mwake mbale ya Mkute inasowa. A Jekapu analumbira, kutchula amayi awo amene anagona kalekale, kuti khola analitseka ndi manja awo. Anaika mbale ina. Iyo inapezeka kunja kwa geti itavundikiridwa pansi, m'mphepete mwake muli dothi lofiira. Tsono ku Agalu ndi padambo, dothi lake ndi lakuda bii. Dothi lofiira ngati limenelo limatuluka pansi pakuya, anthu akakumba dzenje lomeza munthu woimirira. A Jekapu analifikisa pa zala, analinunkhiza, n'kukasamba m'manja ndi sopo.

"Ndi ana a m'mudzimu," anatero Venansiya. "Ndikawagwira aona chidameta nkhanga mpala."

"Ana, mayi? Ana oti agalu onsewa n'kuwaopa?"



A kabaza nawo anayamba kukana kudutsa kamsewuko dzuwa likapendeka. Mmodzi anati ananyamula bambo wina wosayankhula, njinga osalemera ngakhale pang'ono, koma msana wake unazizira ngati watsamira chitsulo. Atayandikira ku Agalu n'kucheuka, pa kaliyala panalibe munthu. Venansiya atamva anati kachasu wa chaka chimenecho anali waukali, basi.

Kenaka kunabwera likhweru. Linkamveka chisisira, nthawi ya zii ija, kuchokera kumsewu: lalitali, lotsika kumapeto kwake. Mkute akalimva ankakanda pansi pa chitseko cha khola mpaka zikhadabo kutuluka magazi. Kudya analekeratu, nthiti zija n'kubwereranso panja. Adokotala anamupima, anamuyang'ana m'kamwa ndi m'maso, koma matenda sanawapeze. "Galuyu sakudwala," anatero. "Akungopita."

Loweruka Mayi Chapola anabwera ndi mafupa awo, Mkute sanawanunkhize n'komwe. Anakhala pa chidebe paja nthawi yaitali, nkhani za kukwaya osatuluka. "Kodi ndamulakwira chiyani?" anafunsa akupukuta maso ndi chitenje.

"Palibe chimene mwalakwa," anatero Venansiya. "Galu ameneyu mudzatuluka naye pageti apa ali wamoyo. Ndanena ndine."

Atapita mayiwo, a Jekapu anayankhula akutakasa phala, maso ali mumphika. "Mayi, galu wamkota sakandira pachabe. Pali amene akumuitana."

"Ngati alipo abwere adzaodire pageti ngati munthu," anayankha Venansiya mokweza, kuti ndi kumsewu komwe amve. "Pano si patchire."

Pakamwa pamaitana alendo. Tsiku lomwelo chisisira, agalu atangoti zii, pageti panamveka mawu.

"Odi."

Venansiya anatula ndowa ya phala n'kupita. Kuseri kwa geti kunaima munthu wamtali, atavala chijasi chaulonda chofika m'mawondo, chipewa chaubweya ndi majombo. Nkhope yake sinkaoneka bwino. Sikuti kunali kutada kwambiri ayi, koma ukati uyang'ane pankhopepo, maso ankangotsetsereka n'kukagwera pa chijasi. Mawu ake ankamveka ngati a munthu woyankhulira mumtsuko.

"Ndabwera kudzatenga galu wanga, mayi. Wa chingwe cha buluu."

"Wanu?" Venansiya anagwira m'chiuno. "Munali kuti, bambo, pamene galuyu amaola mwendo m'mbali mwa msewu?"

"Ndinachoka mwadzidzidzi."

"Onse amatero. Mbale zathu mukutenga ndinu?"

"Ndimati azikadyeramo. Kwathu kulibe mbale."

"Tamverani, bambo. Pano galu sitipereka pageti ngati moto wa fodya. Ndiyambe ndadzaona pakhomo panu. Pakandikhutiritsa, tikambirana."

Kukhola lakumapeto Mkute ankalira kamawu kakang'ono ngati khanda.

"Ndi kwa Chimkoka," anatero munthuyo. "Mukadutsa mjigo mukhotere kumanzere, mutsate kanjira kolowera kumitengo. Yanga ndi yakumapeto, yatsopano. Mukafunse Filimoni Gwirize."

"Ndibwera mawa. Musachoke."

"Sindichoka," anatero munthuyo, n'kubwerera m'chifunga. Majombo akewo sanamveke kuponda.

A Jekapu anatuluka kuseri kwa mgolo kumene anabisala, mthiko uli m'manja. "Mayi, mwaona? Kuzizira konseku, inu mumati mukayankhula nthunzi imatuluka m'kamwa. Iwo aja ayi."

Venansiya anali ataona. Tisanamizane, thupi lake lonse linali litachita tsemwe. Koma anali mtundu wa munthu woti mantha akamugwira amasanduka mkwiyo. "Kaya nthunzi imatuluka kaya siituluka, lamulo ndi lomwelo," anatero. "Tengani ndowayo, phala likuzizira."

M'mawa dzuwa litakwera anapeza kabaza wopita kwa Chimkoka. Mjigo anaupeza, amayi akutunga madzi. Atauza wakabazayo kuti akhotere kumanzere, bamboyo anatsitsa mapazi pansi. "Kumeneko, mayi, njinga yanga siipita. Muli ndi ndani kumeneko?" Venansiya anatsika n'kuuyamba wapansi. Kanjirako kanadutsa m'munda wokolola kale n'kukathera pa msitu wowirira, wa mitengo ikuluikulu yosadulidwa. Kudera kosowa nkhuni ngati kumeneko, mitengo yosadulidwa imapezeka malo amodzi okha, kumanda.

Anaima m'mphepete. Kumapeto kwa mitumbira kunali umodzi watsopano, wa dothi lofiira, nkhata zake zitauma. Pambali pake panali kadzenje kosalala, ka mtundu umene galu amakumba akafuna kugona. M'kadzenjemo munali mbale ya Mkute, yoyamba kusowa ija.

"Mukufuna ndani kuno, mayi?" Anali mzimayi wachikulire amene anamutsatira kuchokera pamjigo, ndowa ataisiya panjira.

"A Filimoni Gwirize."

Mayiyo anagwira pakamwa. "Ameneyo ndi mlongo wanga. Ndi uyo wagona apoyo. Tinamuika chimanga chisanaume."

Anakhala pansi awiriwo m'mphepete mwa munda, mayiyo n'kufotokoza. A Filimoni anali mlonda wa pa sitolo ina pa boma, ndipo zaka zonsezo ankalondera limodzi ndi galu wawo. Anangogwa ali pantchito, osadwala. Maliro atatha abale anameta, anagawana katundu mwamwambo, akazi awo anasudzulidwa pamaso pa anthu n'kubwerera kwawo ku Ntcheu. "Zonse tinalongosola bwino, mayi. Njinga inapita kwa mphwake, wailesi kwa ine, makasu, mabulangete, ngakhale chitseko chomwe. Palibe chinatsala."

"Nanga galu?"

"Aa, galu n'katundu? Ndani akanamutchula pabwalo? Anatsatira bokosi n'kukakamira pamandapa. Anthu anayamba kuopa, ndiye anamugenda kuti achoke." Anamuyang'ana Venansiya mwachisoni. "Ngati akubwera kwanuko, mupatseni galu wakeyo, mayi inu. Akufa sakanizidwa."

"Ine ndakanizapo amoyo, a mimba zawo ndi magalimoto awo," anatero Venansiya akuimirira. "Mundikhululukire, mayi, ndabwera pantchito."

Aliyense amadziwa kuti kumanda munthu salowa chilowerelowere, makamaka mlendo. Venansiya nayenso ankadziwa. Anavula nsapato, anaomba m'manja, anati "Odi kuno," n'kulowa. Anazungulira mtumbirawo monga mmene ankazungulirira pakhomo pa wina aliyense, akunena mokweza zimene akuona. "Mthunzi ulipo, sindikana. Mpanda palibe. Madzi palibe. Wophika palibe." Anawerama n'kutola mbale ija. "Iyi ndi ya kuntchito." Mitengo yonse inali phee, ngakhale mbalame imodzi osalira. Potuluka sanathamange, ngakhale kuti msana wake unkamupempha kuti athamange.

Njira yonse yobwerera mawu a mayi aja ankamuzungulira m'mutu. Mkazi anamasulidwa, njinga inapeza mwini, chitseko chomwe chinapeza mwini. Galu yekha palibe anamuuza kuti ntchito yatha, ndipo palibe anauza mwini wake kuti galuyo watsala ndi ndani. Zinamuwawa mumtima Venansiya, ndipo anakwiyira mudzi wonse wa Chimkoka, ndi makanda omwe.

Anapeza Mkute atagona chammbali, osatha n'kudzutsa mutu komwe. A Jekapu atamva kumene Venansiya anapita ndi zimene anachitako, anangokhala pansi padothi. "Mayi, ndagwira mwendo wanu, tsegulani khola galuyo apite. N'chiyani galu mmodzi? Tili nawo ambiri. Mukufuna atitengere limodzi?"

"Galu aliyense pano ndi mmodzi, a Jekapu. Ndikapereka uyu lero chifukwa cha mantha, mawa ndipereka wina chifukwa cha mantha omwewo. Ngati mukuopa, pitani kunyumba kukadayera."

A Jekapu anavala jekete, anafika mpaka pageti, n'kubwerera akung'ung'udza kuti ndani angasiye phala pamoto. Anakalowa m'khitchini n'kudzitsekera.

Chisisira chinagwa. Chifunga chinatsika m'phiri n'kudzaza dambo lonse. Agalu anati zii. Venansiya anali ataima kale pageti, mbale ija ili m'manja.

"Odi."

"Lowani ndi mawu okha, bambo Gwirize. Pakhomo panu ndapaona."

"Ndinakumvani."

"Ndiye mwamva kale. Palephera. Galu sapita kumeneko."

Kuzizira kumene kunabwera pamenepo sikunali kwa Juni. Kunalowa m'mano. Loko wa pageti, amene Venansiya anakhoma yekha, anangotseguka n'kugwa pansi, munthuyo osasuntha ngakhale chala. Anaimba likhweru lija, lalitali, lotsika kumapeto kwake. Kumbuyo kunamveka chitseko cha khola chikulira, kenaka mapazi akukhwekhwereza. Mkute, amene masana sankatha kudzutsa mutu, ankabwera akudzandira. Nsonga ya chingwe chake inali itawongoka m'mwamba kuloza kugeti, ngati pali dzanja likuikoka.

Venansiya anaponya mbale pansi n'kugwira geti ndi manja awiri, thupi lake lalifupilo atatseka nalo njira.

"Pano galu sakokedwa!" anakuwa. "Mwandimva? Kaya ndinu bwana, kaya ndinu mbusa, kaya ndinu chimene muli inucho. Siyani chingwecho!"

"Ndi wanga."

"Anali wanu. Munamusamala, ndikuona, galu sakakamira pamanda a munthu woipa. Koma lero mukumupha ndinu. Tamuonani nthitizo. Ndi mmene munkamusungira muli moyo?"

Chijasicho chinagwedezeka ngati mwini wake wausa moyo, ngakhale kuti mpweya sunamveke. Mawu atabweranso, ukali unali utachoka, mutatsala chisoni chokha.

"Anatenga njinga, mayi. Anatenga chitseko. Galuyu anamugenda. Ndinkamumva pamwamba panga akulira. Ndimusiyire yani?"

Apa misozi inalengeza m'maso mwa Venansiya, koma geti sanalisiye. "Mukanafunsa zimenezo poyamba pomwe, m'malo moba mbale. Alipo womufuna. Mayi Chapola, mphunzitsi, kuseri kwa msika. Ndinapitako ndekha. Pali mpanda wa njerwa, mtengo wa mapichesi, thumba pakhonde, beseni la madzi. Mayiwo amayankhula naye ngati munthu. Akazi anu anawamasula pamaso pa anthu, bambo Gwirize, anapita kwawo ndi mtendere. Uyu palibe anamumasula. Ife chingwecho satilola kuchikhudza, chifukwa mfundoyo munamanga ndinu. Masulani."

Mkute anafika pa miyendo ya Venansiya n'kumukankha ndi mphuno kuti adutse. Nsonga ya chingwe ija inali itagwa, ikulendewera ngati chingwe china chilichonse. Palibe ankamukoka tsopano. Ankafuna yekha.

Apa ndiye pamene lamulo limaluma mwini wake. Galu sakokedwa kuti atuluke, komanso sakokedwa kuti atsale. Venansiya anatukwana chamumtima tsiku limene anakhazikitsa lamulolo, n'kutsegula geti.

Mkute anatuluka. Chifunga chinamumeza pamodzi ndi majombo aja. Venansiya ankangoona chinthu chakuda chachitali chikupindika pansi ngati munthu wogwada. Ankamva mchira ukumenya pa chijasi, pha pha pha, ndi kunong'ona kwa mawu amene sanali oti iye amve. Kenaka sanaonenso kanthu, sanamvenso kanthu. Anadikira mpaka mapazi anachita dzanzi. Mtima unamuuza kuti walakwitsa, wapereka galu kumanda ndi manja ake, ndipo Loweruka adzasowa chowauza Mayi Chapola.

"Bambo Gwirize!" anakuwa m'chifungamo, mawu akusweka. "Mukapita naye ndikutsatani! Njira ndikuidziwa, mbale ndinakatenga ndekha!"

Chinthu chonyowa chinamukhudza padzanja. Inali mphuno. Mkute anali ataima pambali pake akunjenjemera, m'khosi mulibe kanthu. Pamene panali chingwe panatsala mzere wopanda ubweya.

Mawu anachokera patali, kumsewu, ngati a munthu amene wayamba kale ulendo.

"Lamulo lanu ndi labwino, mayi. Nanenso ndikapaona pakhomopo."

Nthawi yomweyo agalu onse anaphulika n'kuuwa, mpaka a Jekapu m'khitchini muja anayamba pemphero kuchokera pakati. Mkute anapita yekha pamene panagwa mbale ija, anaikankha ndi mphuno, n'kuyang'ana Venansiya. Phala limene Venansiya anamuthirira linali litazizira, koma anadya mpaka kunyambita mbale.

Chilonda chitapola, nthiti zitabisikanso, Mayi Chapola anabwera atavala chitenje chatsopano. Geti linatsegulidwa, iwo anaima panja n'kuitana, ndipo Mkute anatuluka ndi miyendo yake. Za chijasi ndi chingwe Venansiya sanawauze kanthu. A Jekapu atati atsegule pakamwa, anawaponda phazi.

Mwambo wa ku Agalu ndi wakuti galu akapita amamutsatira patapita kanthawi, kukaona mmene akukhalira. Venansiya anapeza Mkute atagona pansi pa mtengo wa mapichesi, wonenepa, ubweya ukunyezimira. Mayi Chapola anatulutsa mipando ndi tiyi.

"Koma anthu inu ntchito mumaigwira," anatero akuthira shuga. "Inu mwabwera lero, koma mnzanu uja ndiye sajomba."

Venansiya anaika kapu pansi. "Mnzathu uti, mayi?"

"Bambo wachijasi uja. Amabwera chisisira, amaima apo pampanda, amasuzumira pakhonde, basi n'kumapita. Mkute samuuwa, amangogwedeza mchira ali chigonere. Tsiku lina ndinachedwa kukwaya, beseni linauma. Ndinalipeza pachitseko penipeni litavundikiridwa pansi, moti ndinatsala pang'ono kugwa nalo. Manyazi amene ndinachita ine! Ndimafuna ndimuitane amweko tiyi, koma ndikamatuluka amakhala atapita. Ndi wamanyazi eti?"

Venansiya anaimirira n'kuzungulira kunja kwa mpanda. M'munsi mwa njerwa munali zidindo za majombo ndi timibulu ta dothi lofiira, zidindo zonse zoyang'ana kukhonde. Analowanso, anayang'ana beseni, linali lodzaza. Anayang'ana Mkute, amene anatsegula diso limodzi n'kulitsekanso. Anabwerera pampando wake n'kutola kapu.

"Tiyi musavutike naye, mayi, samwa," anatero. "Koma madzi a galuyo musadzaiwalenso."